Momwe mungatetezere chipangizo cholowa pansi pa madzi kuti zitsulo zake zisadyane

Mphwanga wa ku Senga Bay anapanga kabokosi ka aluminiyamu koikamo kamera, kuti aziona pomwe ukonde wakodwa m'miyala. Anakamanga ndi mabawuti a mkuwa poti ndi omwe anali pafupi. Patapita miyezi ingapo, m'mbali mwa bawuti lililonse munayamba kutuluka ufa woyera ngati wa kondowole, mabowo n'kukula, madzi n'kulowa. Mabawuti anali bwinobwino, aluminiyamu ndiye anadyeka. Zinandipweteka, chifukwa ndalama ya kamerayo anaisonkhanitsa movutikira.

Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi zimakhala ngati batire: magetsi ochepa amayenda pakati pake, china n'kumadyeka chinzake chili chilili. Nyanja yathuyi ilibe mchere, ndiye zimachedwerapo kusiyana ndi ku Beira, koma zimachitika ndithu.

Musanagule kalikonse, lowezani mndandanda uwu: magineziyamu, zinki, aluminiyamu, chitsulo wamba, mkuwa, stainless steel (chitsulo chosachita dzimbiri). Pa ziwiri zilizonse, chomwe chatchulidwa poyamba ndicho chimadyeka, ndipo zikatalikirana pamndandandawu kudyekako kumafulumira. Ngati n'kotheka, thupi lonse likhale la chitsulo chimodzi.

Kenako onani kukula kwake. Chodyekacho chikakhala chaching'ono, chinzake chachikulu, chimatha msanga. Choncho musabowole thupi la chitsulo wamba n'kuikapo marivet a aluminiyamu.

Pomanga, zilekanitseni. Dulani mawashala ku chigubu cha pulasitiki, muike pansi pa mutu wa bawuti ndi pansi pa nati. Ambiri amalekera pomwepa, kuiwala kuti bawutilo likukhudzabe aluminiyamu m'kati mwa bowo. Livekeni kapaipi ka pulasitiki, mupakenso girisi. Mukamaliza bwerekani multimeter kwa okonza mawailesi pa Salima boma, muyeze ngati magetsi akudutsabe pakati pa zitsulo ziwirizo.

Penti pakani zonse ziwiri. Ngati yachepa, yambani ndi mkuwa kapena stainless. Mukapaka aluminiyamu yekha, kudyeka konse kumathamangira pomwe penti yakalika, n'kuboola pomwepo.

Pomaliza mangirirani kachitsulo koti kazidyeka m'malo mwa thupi lonse, kotchedwa anode. Nzeru imeneyi ndi yakale: mu 1824 Humphry Davy anaiyesa pa zombo za nkhondo za ku Britain zomwe zinali zokutidwa ndi mkuwa. Asodzi a injini akadziwa kale, ndi kaja kamakhala pamwamba pa pulopela. M'madzi opanda mchere sankhani ka magineziyamu, chifukwa zinki amachita chikhungu n'kuleka kugwira ntchito. Kokhaka ndiye kakhudze thupi mwachindunji: palani pomangirirapo mpaka chitsulo chiwale, osakapaka penti, ndipo kakatha theka ikani kena.

Mukavuula chipangizocho, chotsani batire, muchipukute ndi kuchisiya pamthunzi chiume. Musachisiye pamchenga wonyowa usiku wonse.