Matumba asakwere galimoto musanaone balansi ndi maso anu

Soya ndi mtedza zikayamba kutuluka m'midzi, cholakwa chimodzi chimabwerezedwa kuyambira ku Mchinji mpaka ku Kasungu ndi Dowa. Mlimi akupereka katundu wake chifukwa foni yalira, pabwera uthenga wonena kuti ndalama zalowa, iye wawerenga, wamwetulira, wauza anyamata kuti akweze matumba. Ndalamazo sanazione. Waona uthenga basi.

Kutsatsa mbewu pa WhatsApp ndi pa Facebook sindikukutsutsa. Kwathandiza alimi ambiri kupeza ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre osadikira mavenda a pamsewu ndi masikelo awo okayikitsa aja. Koma pamene mwaika chithunzi cha matumba anu pa gulu, n'kulemba mudzi, kuchuluka kwa katundu ndi nambala ya foni, dziwani kuti kathyali nayenso wawerenga. Akudziwa zimene muli nazo, kumene muli, ndipo akangoyerekeza kutumiza ndalama pa nambalayo dzina lanu lonse limamutulukira. Pokuimbirani amakutchulani dzina ngati munakulira limodzi, inu n'kumaganiza kuti wina wamudziwitsa za inu.

Uthenga wabodza amaupanga m'njira zitatu, ndipo zonse n'zosavuta moti mwana wa sitandade 8 akhoza kuzichita. Yoyamba, amakopera mawu a uthenga weniweni wa Airtel Money kapena Mpamba, n'kusintha dzina, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako n'kukutumizirani ngati SMS wamba. Pamwamba pa uthenga wotere pamaoneka nambala ya munthu, yoyamba ndi 09 kapena 08. Uthenga weniweni sumabwera choncho. Umabwera ndi dzina la kampani, lopanda nambala yoti mungaimbe. Yachiwiri ndiyo yagwetsa ngakhale alimi ochenjera. Munthuyo akafika amapempha foni yanu, ati yake yatha moto kapena alibe mayunitsi, akufuna aimbire dalaivala. M'mphindi imodzi yomweyo amasunga nambala yake m'foni mwanu pa dzina la kampani ya foni. Uthenga wake ukabwera, pamwamba pamalembedwa dzina lija, inu n'kukhutira. Dinani pa dzinapo. Mukaona kuti pansi pake patuluka nambala ya munthu, kapena foni ikulola kuti muimbe, ameneyo ndi wakuba, ndipo ali chilili pabwalo panu. Yachitatu ndi chithunzi cha uthenga chotumizidwa pa WhatsApp, chosonyeza kuti iye watumiza. Chimenechi musachiyang'ane n'komwe. Chithunzi amachikonza pa foni, ndipo ngakhale chitakhala chenicheni chikunena za foni yake, osati yanu.

Pali chinthu chimodzi chimene kathyali sangachidziwe, ndicho ndalama zimene zinali kale mu akaunti yanu. Uthenga weniweni umanena zimene zalowa, umapereka nambala ya malondawo, komanso balansi yatsopano. Ngati munali ndi K3,250 ndipo wakutumizirani K400,000, balansi iyenera kukhala K403,250. Wabodza amangolota, kawirikawiri amalemba K400,000 yomweyo kapena nambala ina yosagwirizana. N'chifukwa chake muyenera kuona balansi yanu wogula asanafike, n'kuilemba m'kope. Akanena kuti watumiza, musatsegule mauthenga. Imbani *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa Mpamba, pitani pa akaunti yanu, ikani nambala yachinsinsi mutatembenuka, muone nokha. Sizitenga mphindi ziwiri. 

Nanga bwanji anthu sakuchita zimenezi? Manyazi. Amangoti munthu wamkulu wabwera pa galimoto, wavala bwino, watipatsa moni mwaulemu, ndiye tiyambe kumufufuza ngati wakuba? Khalidwe lija tinkagulitsa nalo fodya ndi chimanga kwa anthu odziwana nawo, oti tikhoza kukawapeza kwawo, silikugwiranso ntchito pa munthu amene mwakumana naye pa Facebook dzana. Mukagulitsa mbuzi pa msika ndalama mumawerenga pamaso pa wogula, ena mpaka kuunika pa dzuwa, ndipo palibe amakwiya. Matumba 30 a soya ndiye muwapereke chifukwa foni yangolira? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Wogula weniweni amakuuzani yekha kuti onani kaye ngati zalowa, chifukwa nayenso safuna milandu.

Bambo wina wa m'kalabu ya soya anasonkhanitsa matumba 40 a makilo 50, ake 14, otsalawo a anzake amene anamukhulupirira chifukwa ndiye ali ndi foni yaikulu. Wogula anapezeka pa gulu la WhatsApp, sanatsutse mtengo ngakhale pang'ono, anawonjezeranso pa umene mavenda ankagulira. Anati afika m'mawa Loweruka, koma anatulukira dzuwa litapendeka, galimoto osaizimitsa, akudandaula kuti msewu ndi woipa ndipo akufuna akafike m'tauni kusanade. Foni ya bamboyo inalira kanayi, mauthenga anayi, ati ndalama zambiri sizingalowe kamodzi. Matumba anakwera. Lolemba m'mawa ali kwa ejenti, mu akaunti munali ndalama zosakwana kugula paketi ya shuga. Pofotokoza anangoti, “Alangizi, uthengawo ndinauwerenga ndekha, dzina langa linalimo.” Nambala ya galimoto palibe anailemba.

Taganizirani zimene zinapita pamenepo. Matani awiri a soya. Mbewu ya chaka chamawa inali momwemo, poti anaona mtengo wakoma n'kugulitsa zonse. Ngongole ya ku banki mkhonde imene anatengera mbewu ndi kulipira aganyu ikudikirabe, chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi. Fizi ya ana ya teremu yotsatira. Ndipo choipitsitsa, kalabu yasweka. Anzake ena akuti anagwirizana ndi wakubayo, ena akuti awabwezere, nkhani yafika kwa amfumu. Chaka chamawa aliyense adzagulitsa payekha, ndowa imodzi imodzi kwa venda, pamtengo uliwonse umene wapatsidwa, ndipo ntchito ya zaka zingapo yophunzitsana kugulitsa pagulu yathera pa uthenga umodzi. Ichi ndicho chimandipweteka kwambiri, chifukwa kalabu ikasweka pa nkhani ya ndalama sibwereranso msanga.

Muone mmene zizindikiro zinalili poyera. Mtengo wosanenerera. Kufika madzulo, tsiku loti mawa lake maofesi ndi otseka. Changu. Akanena kuti netiweki ikuvuta, kapena kuti watumiza kuchokera ku banki ndiye zimachedwa kufika, mwina akunena zoona, zimachitikadi. Koma yankho ndi limodzi: matumba adikire pamodzi ndi ndalamazo. Soya wouma bwino sawola usiku umodzi. Ngati akufunadi katundu agona pa trading centre, abweranso m'mawa.

Pa malonda aakulu kumbukiraninso kuti akaunti ya pa foni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi zimene ingalandire pa tsiku. Funsani ejenti malire a akaunti yanu tsiku logulitsa lisanafike, ndipo mumufunse ngati adzakhale ndi ndalama zokwanira kukupatsani. Katundu akapitirira pamenepo, wogula aike ku akaunti ya banki ya kalabu, ndipo msungichuma atsimikize kuti zalowa, kapena mukakumane naye pa banki penipeni. Za ndalama yotapira gwirizanani poyamba kuti alipira ndani, mulembe. Ndipo wina akakuimbirani kuti watumiza zochuluka molakwitsa, mubweze zapamwambazo, ndi bodza lomwelija lavala malaya ena. Onani balansi.

Foni yanu musapatse mlendo, ngakhale kwa mphindi imodzi. Akafuna kuimba, muimbireni inuyo. Nambala yachinsinsi isakhale chaka chimene munabadwa, ndipo lekani kuilemba pa kapepala n'kukabisa kuseri kwa foni, ndaona zimenezi kambirimbiri. Amene mumadalira mwana kukuwerengerani, mwanayo akhalepo pa tsiku logulitsa ndipo aimbe *211# kapena *444# pamaso panu, osati kungokuwerengerani uthenga. Pokweza katundu pakhale anthu atatu a m'komiti, wina ajambule nambala ya galimoto ndi chiphaso cha unzika cha wogula. Akakana kujambulidwa chiphaso, tsitsani matumba.

Ngati zakuchitikirani kale, musafufute uthenga uliwonse, ngakhale wa pa WhatsApp. Pitani ku polisi tsiku lomwelo ndi foniyo, nambala ya galimoto ngati ilipo, ndi mboni. Mukatero kaneneni nambalayo ku shopu ya kampani ya foni mutanyamula chiphaso chanu. Kuyambira 2018 ma SIM amalembetsedwa m'kaundula, koma akuba ambiri amagwiritsa ntchito olembetsedwa pa ziphaso za anthu ena, choncho musachedwe poganiza kuti apezeka mosavuta. Sinthani nambala yachinsinsi, uzani woyang'anira gulu la WhatsApp amuchotse munthuyo ndi kuchenjeza ena, ndipo mudziwitse mlangizi wa dera lanu kuti makalabu oyandikana nawo amve msika wotsatira usanafike.