Kugulula ndi kupenta mapulasitiki a m'kati mwa galimoto penti osasupuka

Galimoto zambiri zimene timayendera kuno ku Harare zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan. Zimafika m'kati muli bwinobwino, koma ikangotha zaka ziwiri zitatu ikugona pabwalo, dzuwa limayamba kuonetsa ntchito yake. Mzinda uno uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,500, ndiye dzuwa lake silinyengerera. Pulasitiki wa pachitseko pamene mumatsamira chigongono amatuwa, wozungulira giya amakalikakalika ndi makiyi, wa pawailesi siliva wake amafufutika n'kutsala mawangamawanga.

Ine ndinayamba molakwa pa Honda Fit yanga. Ndinagula chitini cha sipureyi wakuda, Loweruka masana n'kuphimba mipando ndi nyuzipepa, n'kupopera pulasitiki ali pomwepo osagulula. Lamlungu popita kutchalitchi ku Mufakose ndinkachita kunyada nayo. Milungu iwiri isanathe penti anayamba kufundula ngati njoka, mwana wanga n'kumasangalala kumatula ndi chikhadabo. Alamu anga, amene amapenta galimoto ku Gazaland, anangopititsa chala pa dashibodi, n'kuchitikita ndi chinzake. "Alamu, apa mwapenta polishi. Pulasitikiyo penti sanamukhudze n'komwe." Zimene ndalemba pansipa ndi zimene tinachita pobwereza, ndipo penti wachiwiriyo akadalipo.

Zoti mukhale nazo

Tizitsulo totong'olera ta pulasitiki, timene amagulitsa tingapo m'paketi imodzi m'mashopu a zida za galimoto monga a mu Kaguvi Street. Mukasowa, kulungani tepi kunsonga kwa sikuludiraiva yaphanthi, koma dziwani kuti chitsulo chimasiyabe chipsera. Sikuludiraiva ya nyenyezi, sipanala ya 10, sopo wamadzi wotsukira mbale, burashi yakale yotsukira mano, sipiriti, nsanza zoyera zosathothoka ulusi, sandipepa wa nambala 600 kapena 800, ndi tepi ya pepala imene openta amagwiritsa ntchito. Pa penti pakufunika zitini zitatu: plastic primer, yoyamba kupopera kuti penti agwire pa pulasitiki, imene ena amalemba kuti adhesion promoter, penti wa mtundu umene mukufuna, ndi clear (penti wopanda mtundu woteteza pamwamba) yosawala, yolembedwa matt kapena satin. Ndalama zikachepa, dumphani clear. Primer musaidumphe.

Batire kaye

Ngati mukhudza chilichonse cha pa dashibodi kapena mizati ya m'mbali mwa galasi lakutsogolo, zimitsani galimoto, chotsani kiyi, masulani waya wa negative (wa chizindikiro cha -) pa batire, mudikire. Mabuku a Toyota amati masekondi 90, a Honda amati mphindi 3, chifukwa kabokosi koyendetsa ma airbag, matumba a mpweya amene amafufuma pangozi, kamasunga magetsi kwa kanthawi. Mapulagi achikasu ndi a airbag, musawagwire. Ndipo pulasitiki aliyense wolembedwa SRS AIRBAG musamupente ngakhale atatuwa bwanji. Anamupanga kuti ang'ambike pamzere wake ngozi ikachitika, ndipo simukufuna kumusintha kapena kuti tizibenthu ta penti tikuthamangireni kumaso.

Pali msampha wina wa galimoto za ku Japan. Mawailesi ena a sikirini, batire likangochotsedwa, amadzuka akufuna khadi la mapu, disiki kapena nambala yachinsinsi, uthenga wake uli m'Chijapani, ndipo ngati khadilo silinabwere ndi galimoto wailesi imangokhala duu. Fufuzani za yanuyo musanamasule batire. Ngati ili m'gulu limenelo, yambani ndi zidutswa zakutali ndi airbag, monga za pazitseko, kiyi ali m'thumba.

Kugulula

Musagulule m'mawa wa Juni kapena Julaye. Pulasitiki wozizidwa ndi wouma gwa, amathyoka ngati bisiketi. Imikani galimoto padzuwa kwa kanthawi, mawindo otseka, kuti afewe pang'ono. Kenako jambulani ndi foni malo onse musanachotse kanthu, ndipo pitirizani kujambula chidutswa chilichonse chikachoka, makamaka mapulagi.

Lamulo lake n'limodzi: chikakana, pali sikuluwu imene simunaione. Pachitseko masikuluwu amakonda kubisala kuseri kwa chogwirira chotsegulira, pansi pa kachivundikiro kakang'ono, komanso pansi pa kadzenje kamene mumakokera potseka. Ozungulira giya ena amabisala pansi pa kamphira koikapo makapu kapena m'kabokosi ka pakati. Pomasula, kanikizani sikuludiraiva mwamphamvu musanapotokole, chifukwa mitu ya masikuluwu a ku Japan inadulidwa mosiyana pang'ono ndi ya Phillips, nyenyezi wamba ija, ndipo ikangotererekamo kawiri mutu wadyeka.

Masikuluwu akatha, lowetsani chotong'olera pamphepete, muzichisuntha mpaka mumve pamene pakulimba. Pamenepo ndi pamene pali kakilipi. Tong'olani pomwepo, pafupi ndi kakilipiko, osati pakati pa tiwiri, chifukwa mukakoka pakati pulasitiki amapindika n'kusiya mzere woyera umene sutha. Mudzamva kuti thu! Pitani pa kotsatira. Chophimba chitseko muyambe pansi, muzungulire m'mbali, tonse tikamasuka muchinyamule m'mwamba chifukwa pamwamba chimakolekedwa pamphepete mwa windo. Musachikoke kutali. Kuseri kuli mawaya a masiwichi a mawindo ndi chingwe cha chotsegulira chitseko. Pulagi iliyonse ili ndi kadzino kofunika kudina, ndipo muzikoka pulagiyo, osati mawaya. Pepala la pulasitiki lomatidwa pachitsulo cha chitseko lisiyeni, ndi limene limatchinga madzi a mvula.

Tikilipi tina tithyoka basi, ngakhale mutasamala chotani, pakuti tatha zaka khumi ndi kuposa tikuphikidwa. Sungani kamodzi kamoyo m'thumba mupite nako kogula, chifukwa timasiyana kukula ndipo kufotokoza ndi pakamwa simumvana ndi wogulitsa. Masikuluwu a chidutswa chilichonse aikeni m'kapepala kakekake, mulembepo.

Masiwichi, tinyale ndi mabatani zichotseni m'chidutswacho. Zimene zakana kuchoka muziphimbe ndi tepi. Tizizindikiro ta pamabatani timawala usiku chifukwa kuwala kumadutsa kuchokera kuseri, ndiye mukatipenta mudzakhala mukupapasa mumdima.

Tembenuzani muwerenge

Kuseri kwa chidutswa chilichonse kuli zilembo zodindidwa, kawirikawiri pakati pa tizizindikiro tiwiri tosongoka, monga >PP< kapena >ABS<. Anthu ambiri saziyang'ana, chonsecho ndi zimene zikukuuzani mmene ntchito iyendere.

PP ndi pulasitiki amene ali pazitseko, mizati ndi mbali zam'munsi za galimoto zambiri. Nthawi zina amalembedwa ndi zilembo zina zowonjezera, monga PP+EPDM kapena PP-T20. Ndi wofewerapo, ndipo mukamugwira amamveka ngati ali ndi phula. Ndi m'bale wake wa ndowa ndi mabeseni a kunyumba, ndipo aliyense amene analembapo dzina ndi penti pandowa akudziwa zimene zimachitika. Penti sagwira pa PP popanda adhesion promoter, ngakhale mutagula wodula bwanji.

ABS, kapena PC+ABS, ndi wolimba, mukamugogoda amalira. Amakonda kukhala wozungulira wailesi, mabowo a mphepo ndi tizidutswa tokongoletsa. Uyu amalandira penti mosavuta, koma amaopa mankhwala amphamvu. Thinners kapena acetone amamusungunula pamwamba, amanata, nthawi zina kung'aluka timing'alu. Choncho nzeru ija yoti pukutani ndi thinners kuti payere, imene imagwira ntchito pachitsulo, pano ingakuwonongereni chidutswa choti simuchipeza msanga ngakhale mutazungulira msika wonse wa Siyaso ku Mbare.

Kutsuka, pamene pagona ntchito yonse

Kulikonse kumene timatsukitsa galimoto, anyamata amamaliza ndi kupaka polishi pa dashibodi ndi pazitseko kuti mwini galimoto aone kuwala. Polishi ambiri otere ali ndi silicone. Amalowa m'timabowo ta pulasitiki, wa sabata ino pamwamba pa wa sabata yatha, kwa zaka. Penti akagwera pa silicone amathawa n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a nsomba, kapena amaoneka ngati wagwira kenako n'kudzasupuka, monga zinandichitikira.

Ikani zidutswazo m'beseni la madzi ofunda ndi sopo wa mbale. Kwechani ndi burashi ya mano, muziizunguza kuti ilowe m'tinyerenyere tonse, m'makona ndi m'mphepete. Tsukuluzani, tayani madziwo, bwerezani. Alamu anandibwerezetsa katatu. Pomaliza thirani madzi oyera muyang'anitsitse: ngati pali malo pamene madzi akuthawa mofulumira kusiyana ndi ponse, n'kuunjikana timadontho ngati patsamba la koko, pamenepo mafuta akadalipo. PP ngakhale woyera madzi sam'kakamira kwenikweni, choncho chimene mukufuna n'chakuti chidutswa chonse chizichita mofanana.

Ngati chidutswa chili ndi kamphira kopyapyala kamene kayamba kunata ngati ulimbo, zimene zimachitika pa galimoto zina za ku Ulaya, kayenera kuchoka konse mpaka pulasitiki weniweni aoneke. Sipiriti ndi nsanza ndi kuleza mtima.

Zikauma, palani pang'ono ndi sandipepa. Cholinga n'kuchotsa kuwala kokha kuti penti apeze pogwira. Pa pulasitiki wa nyerenyere musalimbikire, mukapala kwambiri pamasalala malo amodzi ndipo penti sabisa zimenezo, amazionetsa. Pukutani fumbi, kenako pukutani ndi sipiriti. Nsanza izipita mbali imodzi, muziitembenuza, osati kuzunguza litsiro lomwelo. Kuyambira pano musagwirenso kumaso kwa chidutswa ndi manja, zala zathu zili ndi mafuta. Gwirani m'mphepete kapena valani magolovesi.

Kupopera

Sankhani tsiku. Mu Ogasiti mphepo imanyamula fumbi n'kulimwaza pa penti wamuwisi. M'nyengo ya mvula chinyezi chimayeretsa clear ngati nkhungu. Masana a Okutobala penti amauma ali m'malere, n'kufika pa pulasitiki ngati mchenga. Pabwino ndi pamthunzi podutsa mpweya koma popanda mphepo, chakum'mawa dzuwa litakwera pang'ono. Wazani madzi pansi kuti fumbi ligone. Pansi pa jacaranda ayi, maluwa ake akayamba kuyoyoka sasankha pogwera. Valani chotseka pakamwa ndi mphuno, ana akhale kutali, ndipo pasakhale mbaula, sitovu ya gasi kapena wosuta fodya pafupi, chifukwa mpweya wa m'chitini umayaka.

Khazikani zidutswa pa timatabwa kapena zitini zakale kuti m'mphepete mukhale m'malere. Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri zathunthu kuchokera pamene kampira ka m'kati kayamba kulira, ndipo yesani pakatoni kaye.

Primer ipite yopyapyala, kamodzi kapena kawiri. Yambiri imakhala yosaoneka, ndiye musaunjike poganiza kuti sinagwire. Werengani pachitini nthawi imene akuti penti abwere pamwamba pake, ndipo muitsatire, pakuti mukaisiya mpaka mawa mphamvu yake imakhala itatha.

Chitini chikhale masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa chidutswa, pafupifupi kutalika kwa chikhatho chotambasula zala. Yambani kudina muli kunja kwa chidutswa, dutsani, mulekere kunja mbali inayo. Ulendo woyamba ukhale ngati mame, mtundu wakale uzionekabe pansi. Apa ndi pamene mtima umathamanga kufuna kuti pade nthawi yomweyo, ndipo ndi pamene penti amachucha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani mphindi khumi kapena monga chitini chanenera, bwerezani, mpaka katatu kapena kanayi. Pa mabowo a mphepo poperani pang'ono kwambiri, ndipo muzisuntha timapiko take pakati pa maulendo, apo ayi tigwirana.

Pakachucha musapukute. Siyani paume mpaka mawa, palani ndi sandipepa wonyowetsa, mupoperenso.

Za mtundu, maganizo anga ndi akuti wakuda kapena wotuwa wosawala ndi amene amaoneka ngati galimoto inabwera choncho. Wonyezimira amaonetsa chala chilichonse ndi fumbi lililonse, ndipo pamwamba pa dashibodi ndi woopsa, chifukwa chithunzi chake chimabwerera pagalasi. Amene amayenda msewu wa ku Bulawayo madzulo, dzuwa lili pamphumi, akudziwa. Chiwongolero ndi mutu wa giya musavutike nazo, thukuta la m'manja limadya penti wa m'chitini m'kanthawi kochepa. Clear ipite kawiri, yopyapyalanso, ndipo ngati n'kotheka zitini zonse zitatu zikhale za kampani imodzi, chifukwa mapenti ena sagwirizana ndipo wapansi amachita makwinya.

Kubwezera

Penti amauma pamwamba m'ola limodzi, koma m'kati amakhala akadali wanthete. Siyani zidutswa m'nyumba, pamalo opanda fumbi, masiku awiri. Ngati mukufuna kudziwa kuti wagwira, matani tepi pamalo obisika amene munapopera, ikanikizeni, muimatule mwachangu. Ikabwera yoyera, zatheka.

Tikilipi timene tinatsalira pachitsulo tizuleni mutibwezere pa pulasitiki musanayambe, ndipo tothyoka musinthe tonse, apo ayi chitseko chizilira pa bampu iliyonse ya ku Mbare. Lumikizani mapulagi motsatira zithunzi zija. Chophimba chitseko chikolekeni pamwamba kaye, onani kuti kakilipi kalikonse kaloza pabowo pake, kenako menyani ndi chikhatho pansalu yofewa. Masikuluwu olowa m'pulasitiki musawamange ngati a tayala, akangogwira lekani. Waya wa batire ubwerere pomaliza, mapulagi onse atalowa, kuti nyale ya airbag isatsale yoyaka.

Windo la dalaivala likasiya kukwera lokha chifukwa batire linamasulidwa, pa galimoto zambiri mumangolitsitsa mpaka pansi, n'kulikweza mpaka pamwamba, n'kugwirabe siwichi kwa masekondi angapo. Kwa mwezi wathunthu pukutani ndi nsanza yonyowa basi, ndipo popita kotsukitsa muwauziretu anyamata musanawapatse kiyi kuti m'kati asapakemo polishi.