Momwe mungaikire ma spline ooneka pamakona a bokosi kapena felemu

Pa majoini onse a mipando, ya mitre ndi imene imakopa maso kwambiri. Matabwa awiri amadulidwa mopendeka pa madigiri 45, n'kukumana pakona popanda kuonetsa mutu wa thabwa, ndipo mizere ya mtengo imaoneka ngati yangokhota n'kupitirira ulendo. Vuto lake ndi mphamvu. Mtengo uli ngati mtolo wa bango: m'mbali mwake guluu amagwira zolimba, koma kumutu kumene mabango adulidwa, timabowo timamwa guluu n'kusiya pamwamba pali pouma. Mitre ndi mutu kukumana ndi mutu unzake. Bokosi lomatidwa ndi guluu yekha likagwa pansi, kapena likadutsa nyengo zingapo za chinyezi ndi kutentha, pakona pamayamba kuyasama.

Mankhwala ake ndi spline, ena amati kiyi. Ndi kachidutswa kopyapyala ka thabwa kamene mumakalowetsa mumpata wochekedwa mopingasa kona. Kamagwira matabwa onse awiri m'mbali, kumene guluu amamvera. Kakakhala ka mtengo wa mtundu wina, kamasiya kamzere kooneka kunja, ndipo cholimbitsira chimasanduka chokongoletsera.

Ndichenjezeretu: spline siphimba joini yoipa. Ngati mitre yanu ili ndi mpata, kamzere kakuda kaja kamangoitanira maso pomwepo.

Mufunika sowo ya patebulo, tchizulo yakuthwa, pulena yaing'ono, sikweya, guluu wa matabwa wa PVA, makilampu, kasowo kopyapyala kodulira zotsalira, sandipepala ndi zidutswa za pulayiwudi. Amene mulibe makina musabwerere; njira ya sowo yamanja ili kumunsiku.

1. Matani bokosi kaye, ligone

Mipata imachekedwa bokosi litamatidwa kale. Salazani mkati musanamate, chifukwa pambuyo pake dzanja silifika bwino m'makona. Kumitu kwa matabwa pakani guluu wochepa, mudikire mphindi zingapo kuti amwerere, kenako mupakenso wachiwiri n'kutseka. Yesani kuchokera pakona kufika pakona yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana, bokosi lili pa sikweya. Lisiyeni usiku wonse. Mukathamangira kulicheka guluu asanakhwime, kunjenjemera kwa makina kungatsegule joini.

2. Sankhani mtengo wa spline

Ambiri amafuna kusiyana kwa mtundu: wakuda pa woyera, woyera pa wakuda. Walnut pa maple ndi ukwati wakalekale, mbawa pa paini imaonekanso bwino. Koma kumbukirani kuti mtengo umasintha ndi kuwala. Cherry imada pakapita nthawi, walnut imayererako, ndipo padauk yofiira ngati moto ija imasanduka yabulauni. Mitengo iwiri imene lero ikusiyana pang'ono, pakatha zaka ikhoza kufanana. Nyowetsani tizidutswa ta mitengo yonse iwiri ndi madzi pang'ono, mudzaona mmene idzaonekere ikapakidwa vanishi.

Chachikulu kuposa mtundu ndi kumene mizere yalowera. Mizere ya spline iyenera kupingasa joini, kuchoka pa thabwa lina kulowa pa linzake, motsatana ndi pansi pa mpata. Mukaiika mizere itatsata mzere wa joini, idzang'ambika pamalo enieni amene mumafuna kulimbitsa. Tengani thabwa louma, la mizere yowongoka, lopanda mfundo.

3. Lembani malo ake

Pa bokosi laling'ono, awiri kapena atatu pakona iliyonse akwanira. Ine ndimakonda atatu osatalikirana mofanana, awiri pafupi pamwamba ndi imodzi pansi, chifukwa mizere yondondozana mofanana imaoneka ngati makwerero. Zimenezo n'zokonda za munthu. Zosakambirana ndi ziwiri izi. Choyamba, pewani kangalande kamene munalowetsamo thabwa la pansi. Chachiwiri, ngati mudzacheka bokosi kuti mupeze chivindikiro, lembani mzere umenewo tsopano, ndipo muwerengerenso kagawo kamene sowo idzadye. Ine ndinaiwalapo zimenezi kamodzi: sowo inadutsa pakati penipeni pa spline, theka n'kutsala pa chivindikiro, theka pa bokosi, makona onse anayi.

4. Pangani jigi

Bokosi liyenera kudutsa pa sowo litaima ndi kona yake pansi, ndipo manja okha sangaligwire motero. Pafunika jigi, kachipangizo kogwira bokosi pocheka, ndipo jigi yake ndi yosavuta. Tengani pulayiwudi yafulati ikhale tsinde, pamwamba pake mumangirire zidutswa ziwiri zopendeka pa madigiri 45, kuti zipange chilembo cha V chokhala ndi madigiri 90 mkati. Bokosi limakhala mu V ameneyo ngati m'chikuku. Mbali imodzi ya tsinde ikhale yowongoka bwino, yotsetsereka motsamira fensi, chotsamira chowongoka cha pa makina chimene chimawongolera thabwa pocheka.

Ya felemu imasiyana pang'ono: thabwa lalitali loimirira motsamira fensi, ndi timatabwa tiwiri tomangiriridwa pa nkhope yake mwa V. Felemu imagona pa thabwalo n'kupanidwa ndi kilampu.

Misomali ndi masikuluwu zikhale kutali ndi njira ya sowo. Kumene kuli kotheka gwiritsani guluu yekha.

5. Yang'anani mano a sowo yanu

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera, ndipo mwini wake sadziwa chimene chalakwika. Sowo zambiri zodulira mopingasa zili ndi mano osongoka mosinthana, lina lapendekera kumanja, lotsatira kumanzere. Mano otere sasiya pansi pafulati. Amasiya timakutu tiwiri m'mbali mwa mpata ndi kachitunda pakati. Spline yanu ndi yafulati, choncho ikalowa imakhala pa kachitunda kaja, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kumaoneka timabowo tiwiri ting'onoting'ono. Pa thabwa loyera timaoneka ngati maso a nyerere, ndipo vanishi amatidetsa kuposa kale.

Njira yabwino ndi sowo ya mano afulati pamwamba, monga zambiri zong'ambira thabwa m'litali. Ngati mulibe, chekani ndi imene muli nayo, kenako musalaze pansi pa mpata ndi tchizulo yopyapyala kapena kafayilo kafulati. Ena amamata sandipepala m'mphepete mwa kathabwa kopyapyala n'kumakhecha nako. Zimatenga nthawi, koma zimagwira. Samalani kuti musakulitse mpata m'mbali.

Sowo wamba imasiya mpata wa mamilimita 3.2, yopyapyala pafupifupi 2.4. Mukafuna spline yonenepa, chekani kawiri mutasuntha fensi pang'ono. Pa felemu, spline isanenepe kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa thabwa, kuti m'mbali mutsale nyama yokwanira.

6. Kuya kwa mpata

Mpata usatulukire mkati mwa bokosi. Mzere wa joini, kuchoka pakona yakunja kufika yamkati, ndi wautali kuposa kunenepa kwa thabwa: chulukitsani kunenepako ndi 1.4. Thabwa la mamilimita 12 limapereka pafupifupi 17, la 18 limapereka pafupifupi 25. Chekani magawo awiri mwa atatu a muyesowo, kutanthauza 11 pa loyambalo ndi 16 kapena 17 pa lachiwirilo. Musaiwale kuti sowo imayamba yadutsa tsinde la jigi isanafike pa bokosi, choncho kuya muyesere pakona yoyeserera, osati pa makina. Matani zidutswa ziwiri zotsala kuti mukhale ndi kona yotero. Idzakuthandizaninso poyesa kukwana kwa ma spline.

7. Chekani

Pocheka motere chotchinga cha pamwamba pa sowo chimachotsedwa, ndiye manja akhale pamwamba pa bokosi kapena pa zogwirira za jigi, kutali ndi pamene sowo itulukire. Panani bokosi ku jigi ngati n'kotheka. Kankhani mosadukiza, mudutsiretu, muzimitse makina, sowo iime, kenako mubweze jigi.

Chekani makona onse anayi fensi ili pamalo amodzi, nkhope imodzimodzi ya bokosi itayang'ana ku fensi, ndipo pokhapo musunthe fensi kupita pa mzere wotsatira. Mukatembenuza bokosi pakati pa ntchito, mizere siidzakumana. Ngati kumbuyo kwa mpata kukunyotsoka, ndiye kuti jigi yadyeka; ikani kathabwa katsopano mu V kuti kachirikize pamene mano akutulukira.

8. Pangani ma spline okwana bwino

Ng'ambani timizere titalitali ta thabwa, tonenepa pang'ono kuposa mpata, m'lifupi mopitirira kuya kwa mpata ndi mamilimita angapo. Kamzere kopyapyala kagwere kunja kwa sowo, osati pakati pa sowo ndi fensi, kumene kangathe kuponyedwa ndi mphamvu kwa inu. Kenako pungulani ndi pulena kapena sandipepala yomatidwa pamalo afulati, mukuyesa pafupipafupi.

Kukwana koyenera ndi kotani? Spline ilowe ndi chala chokha, koma mukazondotsa bokosi isagwe. Ikafuna hamala isanapakidwe guluu, yathina kwambiri. Guluu wa PVA ali ndi madzi, ndipo kathabwa kopyapyala kamatupa msanga kakanyowa. Imene imalowa movutikira ili youma idzakakamira pakati pa njira ikapakidwa, pansi n'kutsala mphako. Yokhwepa nayonso imasiya mzere wa guluu wooneka. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kupala kumodzi kapena kuwiri kwa pulena, ndiye musanyinyirike kutaya timizere tingapo.

Mphepete imene ikakhale pansi pa mpata ikhale yowongoka ndi ya sikweya. Dulani tizidutswa totalika kuposa mpata, kuti mbali zonse ziwiri kutsale kotuluka.

9. Matani imodziimodzi

Lowetsani guluu mumpata ndi kamtengo kopyapyala, mupakenso wochepa pa nkhope zonse za spline. Kankhani mpaka itakhala pansi, ndipo muyang'ane kumapeto konse kuwiri, chifukwa imakonda kukhala mbali imodzi ina n'kutukuka. Igogodeni pang'onopang'ono pakati, kapena muikokere pansi ndi tepi. Musapake mipata yonse nthawi imodzi. Guluu ameneyu amayamba kugwira pakangopita mphindi zochepa.

Ndiye dikirani mpaka mawa. Madzi a guluu amatupitsa thabwa lozungulira mpata. Mukasalaza lero, thabwalo likadzauma limabwerera, n'kusiya kadzenje kamene kamaonekera pokhapokha mutapaka vanishi wowala.

10. Dulani zotsalira

Dulani ndi kasowo kopyapyala, mutamata tepi pa bokosi kuti mano asakande, musiye kotsala kochepa. Kotsalako chotsani ndi tchizulo kapena pulena, nthawi zonse kuchokera pakona kulowera pakati pa thabwa. Mukalowera kukona, nsonga ya spline ilibe choichirikiza, imabenthuka, ndipo kubenthuka kwa pamenepo sikubisika. Kukachitika, chekaninso mpata womwewo pa jigi muike ina.

Salazani ndi sandipepala ya nambala 120, 180 mpaka 220, kuyambira yokhakhala kupita ku yosalala, itakulungidwa pa kathabwa kolimba kuti kona isabulungike. Fumbi la mtengo wakuda kapena wofiira limalowa m'timabowo ta mtengo woyera n'kuudetsa. Padauk ndiye katswiri pa khalidwe limeneli. Pamitengo yotere ndi bwino kumalizira ndi pulena yakuthwa kapena sikirepa (kachitsulo kopalira thabwa), sandipepala ingodutsa pang'ono, fumbi mukuliuluza pafupipafupi.

Ngati mulibe makina

Panani bokosi pa vaisi kona itayang'ana kumwamba, lembani kuya mbali zonse ziwiri, n'kucheka ndi sowo yamanja ya mano ang'onoang'ono. Mumpata wopyapyala chotero mumalowa veneer, thabwa losengedwa mopyapyala ngati pepala, imene nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 0.6. Ikathina, isasantheni pang'ono ndi hamala pa chitsulo chafulati. Madzi a guluu adzaitupitsanso ili mkati, n'kutseka mpata wonse. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mukhoza kupendeketsa mipata, wina kuloza kumwamba wina pansi, zimene zimakongola komanso zimaletsa joini kusololoka. Pa tibokosi ting'onoting'ono ndimaikonda kuposa ya makina.

Amene muli ndi rauta ya patebulo, makina osema thabwa ndi kampeni kozungulira kotchedwa biti, mukhoza kudutsitsa jigi yomweyo pa biti yotambalala kunsonga yotchedwa dovetail, mupeze mpata wotambalala mkati. Kiyi yake imadulidwa ndi biti yomweyo, pa kuya komweko, m'mphepete mwa thabwa lalikulu, kenako n'kuing'amba. Imalowa chotsetsereka kuchokera m'mbali, ndipo ikasalazidwa imaoneka ngati mchira wa nkhunda. Yambani mwachotsa nyama ya pakati ndi biti yowongoka kapena sowo, kuti biti ya dovetail isalemedwe n'kupsereza thabwa.

Pomaliza pakani mafuta kapena vanishi wosasintha mtundu. Utoto wodetsa matabwa upeweni, chifukwa umafananitsa mitengo iwiri ija. Kumene spline yatulukira kuli ngati kumutu kwa thabwa, choncho kumamwa kwambiri ndipo kumada kuposa mmene kathabwako kanaonekera m'manja. Pakani kachiwiri pamenepo koyamba kakauma.