Buku la anthu ena lisasanduke mndandanda wa miyambo

Teremu ino ndakhala pa mpando wakumbuyo m'makalasi angapo a chiyankhulo, ndipo chizolowezi changa n'choti mphunzitsi asanafike patali ndimapempha makope a ana awiri atatu kuti ndione. Zimene ndapezamo zandidetsa nkhawa. Masukulu ayesetsa kupeza mabuku a alembi a mitundu ndi mayiko osiyanasiyana, ndipo pamenepo ndikuwayamikira. Koma mukafika pa tsamba la buku lotere m'kope la mwana, mutu wodulidwa mzere kunsi ndi womwewomwewo: "Miyambo ya anthu a m'bukuli." Pansi pake manambala ali ndondondo. Amakwatira chonchi, maliro amaika chonchi, amapembedza zakutizakuti. Buku latha pamenepo, mawa tiyamba lina.

Aphunzitsi anzanga, apa tikusocheretsa ana. Tatengani buku limene ndalipeza m'makalasi ambiri, Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria, lomwe linatuluka mu 1958. Mkati mwa nkhaniyi mpangankhani wamkulu, Okonkwo, akupha Ikemefuna, mnyamata amene wakhala pakhomo pake zaka zitatu mpaka kumamutcha bambo. M'kope lina ndinapeza mzere umodzi wokha pa nkhani yonseyi, wakuti Aigbo, mtundu wa Okonkwo, amapha ana milungu yawo ikalamula, ndipo mphunzitsi anachonga ndi cholembera chofiira kuti mwana wakhoza. Wakhoza chiyani? Mlembi anaika nkhalamba Ezeudu kuti ipite kwa Okonkwo kukamuchenjeza asaikepo dzanja pa imfa ya mwanayo. Anaika Obierika, bwenzi la Okonkwo la ponda apa nane mpondepo, amene anakana kupita nawo kunkhalangoko ndipo pambuyo pake anamudzudzula pamaso. Anaika Nwoye, mwana wa Okonkwo womubereka yekha, amene kuyambira tsiku limenelo mtima wake unachoka pa bambo ake. Okonkwo mwini wakeyo anatha masiku awiri osalawa kanthu. Chimene chinakweza chikwanje chake ndi mantha, kuopa kuti anthu amuyesa wofooka ngati bambo ake a Unoka. Anthu anayi a fuko limodzi, oyankhula chiyankhulo chimodzi, aliyense ndi mtima wakewake pa imfa imodzi. Phunziro lonse lagona pamenepo, ndipo mndandanda uja walifafaniza.

Chimene chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi omwewa akagwira Macbeth, sewero la Shakespeare lonena za msilikali wa ku Scotland amene akupha mfumu itabwera kudzacheza kwake, sachita zoterezi. Sindinaonepo kope lolembedwa kuti anthu a ku Scotland amapha mafumu awo akabwera kudzacheza. Kwa Shakespeare timafunsa za dyera, za chikumbumtima, za mkazi amene amadzuka usiku kusamba m'manja magazi amene akuwaona iye yekha. Macbeth timamupatsa ulemu wokhala munthu payekha, pamene Okonkwo timamusenzetsa mtundu wake wonse. Achebe anaziona kale zimenezi. Pa tsamba lomaliza, bwanamkubwa wa atsamunda ataona mtembo wa Okonkwo uli lende mumtengo, akulingalira za buku limene akulemba lonena za anthu a m'deralo, n'kuganiza kuti munthu ameneyu angakwane m'ndime imodzi. Mlembi watha buku lathunthu kutionetsa moyo umene bwana uja akufuna kuupanikiza m'ndime. Ife ndi choko chathu tikumaliza ntchito ya bwanamkubwayo.

Zotayika pamenepa n'zambiri. Pa mayeso funso limafuna kuti mwana afotokoze chifukwa chimene mpangankhani wachitira chakuti, ndi kupereka umboni wa m'buku. Woloweza miyambo khumi amayamba wayang'ana kudenga, kenako n'kukhuthula mndandanda wake pa funso limene silinaufunse. Chiyankhulo nachonso, chomwe ndi ntchito imene tinalembedwera, timachidutsa osachikhudza. Achebe analemba m'Chingerezi koma anachipinda kuti chinyamule miyambi ndi kayankhulidwe ka Chiigbo, ndipo mwana amene waonetsedwa mmene zimenezi zachitikira m'chiganizo chimodzi chokha amayamba kulimba mtima pa zolemba zake. Buku lomasuliridwa kuchokera ku Chifalansa kapena Chiarabu lilinso ndi mafunso ake: mawu awa womasulira anawasiyiranji osawatembenuza? Kumeneko palibe akufikako.

Koma chachikulu ndi chimene mwana amatuluka nacho m'mutu chokhudza anthu anzake. Chimamanda Ngozi Adichie, mlembi wa ku Nigeria, poyankhula pa msonkhano wina mu 2009 za kuopsa kodziwa anthu kudzera m'nkhani imodzi yokha, anasimba za wophunzira wina wa payunivesite amene atawerenga buku lake anadandaula kuti amuna a ku Nigeria ndi ankhanza ngati bambo wa m'bukumo. Tsankho lotere mwana akalimva mumsewu amatha kulikayikira. Akalikopera pa bolodi limakhala ndi chidindo cha sukulu, ndipo amakula nalo.

Mayi wina amene wagwira choko zaka zambiri anandikokera pambali titamaliza zokambirana. Akuti m'kalasi mwake munali mtsikana amene makolo ake anachokera dziko lomwe buku lina limakamba, mwana wochangamuka, dzanja lili m'mwamba nthawi zonse. Atafika pa ndime yonena za mtsikana wokwatitsidwa mokakamiza, mayiyu anati apeze umboni wapafupi.

"Iwe, taimirira utiuze. Kwanu mumaterodi?"

Mwanayo anaimirira, n'kugwira m'mphepete mwa desiki ndi manja onse awiri, maso ali pansi.

"Sindikudziwa, madamu."

Kudziko kumeneko anali asanapondeko n'komwe. Pofika nthawi yopuma anzake anali atamupatsa kale dzina la mtsikana wa m'buku uja, ndipo linamukanirira mpaka chaka kutha. "Alangizi, dzanja lija sindinalionenso m'mwamba," anatero mayiyo, mawu ali otsika. "Ine ndinkayesa ndikumulemekeza." Ndikukhulupirira kuti ankaterodi, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sikundichoka m'mutu. Rudine Sims Bishop, katswiri wa mabuku a ana wa ku America, analemba mu 1990 kuti buku limakhala galasi loti mwana adzionerepo komanso zenera loonera moyo wa ena. Tsiku limenelo mtsikanayu galasi sanalione. Anaimikidwa iyeyo pazenera kuti kalasi yonse imusuzumire.

Gwero la zonsezi ndikulidziwa, ndipo ndatopa nalo. Ndi manotsi aja mapepala ake anachita kufiira ndi ukalamba, amene mphunzitsi anakopera kwa mphunzitsi wake, n'kumawalembetsa chaka ndi chaka ana asanatsegule n'komwe bukulo. Ena mwa ife bukulo sitinaliwerenge mpaka kumapeto, tinene zoona. Enanso timaliika kumathero kwa sikimu, ndondomeko ija ya zophunzitsa pa teremu, sabata ziwiri zotsala mayeso ali pakhomo, ndiye chimene chimatheka n'kungotola miyambo ngati tikutola nkhuni dzuwa likulowa. Zoti nthawi ndi yochepa ndazimva kokwanira. Nanga nthawi yomweyo imapezeka bwanji pa Shakespeare, mpaka kugawana mbali ndi kuchita sewero kutsogolo? Mabuku amenewa sanalowe m'kalasi mwa masewera. Mu 1968 Ngũgĩ wa Thiong'o, mlembi wa ku Kenya, ndi aphunzitsi anzake awiri ku yunivesite ku Nairobi anachita kulemba chikalata chofuna kuti dipatimenti ya Chingerezi ithetsedwe, zolemba za mu Africa zikhale pachimake pa maphunziro. Anthuwa ankafuna kuti mabuku otere aziwerengedwa mozama, mawu ndi mawu, ndipo ife tawalandira n'kuwapatsa sabata zotsalira.

Zoti muchite si zachilendo, ndingozitchula mothamanga. Werengani buku lonse nokha musanalowe nalo m'kalasi. Mbiri ya malo ndi nthawi ipatseni mphindi khumi, zongokwanira kuti ana asasochere, kenako lowani m'nkhani. Mafunso amene mumafunsa pa Macbeth afunseninso pano: munthuyu akufuna chiyani, akuopa chiyani, ndani m'bukumo akutsutsana naye. Mwana akalemba kuti "anthu amenewa amatero", mubwezereni kope atchule dzina la amene watero ndi tsamba lake. Buku limodzi lisaimire dziko lonse. Ngati lachiwiri silikupezeka, ndakatulo imodzi kapena nkhani yaifupi ya mlembi wina wa komweko, makamaka wamkazi kapena wa m'badwo wina, ikwana pa pepala limodzi. Mwana wa mtundu umene ukukambidwa musamuloze chala, akafuna kuyankhula adzakweza dzanja yekha. Ndipo m'sikimu ya teremu ikubwerayi, buku lija mumalisiya kumapeto liikeni sabata yoyamba.