Momwe mungayesere nokha ngati kuzungulira kwa dziko kumapotoza madzi otuluka m'beseni

Anthu ambiri amakhulupirira kuti madzi akamatuluka m'sinki kapena m'bafa kumpoto kwa Equator (mzere wongoyerekeza wogawa dziko lapansi pakati) amazungulira mbali ina, kummwera mbali inayo, ati chifukwa dziko limazungulira. Nkhaniyi si bodza lenileni, koma m'sinki mwanu sizichitika choncho. Mutha kudzionera nokha ndi beseni lobooledwa pansi.

Yambani mwadziwa chimene mukufufuza. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 24, ndipo chinthu choyenda mtunda wautali pamwamba pake chimakhota pang'onopang'ono, kumpoto chimakhotera kumanja, kummwera kumanzere. Izi amazitcha mphamvu ya Coriolis, potengera katswiri wa masamu wa ku France, Gaspard-Gustave de Coriolis, amene anazifotokoza mu 1835. Ndi chifukwa chake namondwe wa kummwera amazungulira motsatira mivi ya wotchi, pamene wa kumpoto amasemphana nayo. Komatu namondwe amatambalala makilomita mazanamazana ndipo amakhala masiku ambiri. Madzi a m'sinki amangoyenda masentimita ochepa, m'kanthawi kochepa atha.

Mayeso oyamba ndi osavuta. Boolani kabowo kakang'ono pakati penipeni pa beseni lozungulira, mukatseke ndi chala kuchokera kunsi. Thirani madzi ndi jagi mutapendeketsa dzanja kuti madzi azilowa motsatira khoma la beseni kulowera kumanja. Dikirani mphindi imodzi mpaka aoneke ngati adekha, wazani utuchi pang'ono pamwamba, kenako chotsani chala. Utuchiwo udzakuonetsani kumene madzi akuzungulira. Bwerezani, koma ulendo uno muthire kulowera kumanzere. Madzi nawonso atembenuka, chonsecho simunasunthe pamalo pomwe mwaima.

Chachitika n'chakuti madzi amene maso akuti adekha amakhala akuyendabe pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Akamayandikira kabowo, kuyenda kochepako kumakula, monga munthu wozungulira pa mpando wa mu ofesi amathamanga kwambiri akapinda manja. Kathiridwe, kupendekeka kwa beseni, ngakhale mmene mwachotsera chala, zonsezi zimaposa mphamvu ya Coriolis kutalitali.

Mayeso achiwiri ndi amene amafuna kuugwira mtima, ndipo njira yake anaisonyeza ndi Ascher Shapiro wa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku United States mu 1962. Iye anagwiritsa ntchito thanki yozungulira yotambalala pafupifupi mamita 2 koma yosazama, ya masentimita 15 okha. Pothira madzi anawazunguliza dala motsatira mivi ya wotchi, kuti pasakhale wonena kuti kathiridwe ndi kamene kanamuthandiza. Anavundikira thankiyo, nadikira maola 24. Atatsegula, madzi anatenga pafupifupi mphindi 20 kuti athe, ndipo kwa mphindi zoposa 10 zoyambirira kamtengo kamene anayandamitsa pamwamba pa kabowo sikanazungulire. Kenako kanayamba kutembenuka mosemphana ndi mivi ya wotchi, monga momwe ziyenera kukhalira kumpoto. Mu 1965 akatswiri ena ku Sydney, m'dziko la Australia, anachita zofananazo ndipo madzi anazungulira motsatira mivi ya wotchi.

Kuti muyese zimenezi, pezani chidebe chozungulira chotambalala kwambiri chimene mungathe kupeza. Beseni lochapira ndi laling'ono, musadzivute nalo. Chiikeni pamalo osapendekeka, m'chipinda chotseka mawindo, kopanda dzuwa, chifukwa mbali imodzi ikatenthedwa madzi amayamba kuyenda okha. Pa kabowo ka pakati lumikizani payipi yaitali yokhala ndi chotsekera kumapeto, kuti potsegula musakhudze madzi kapena kugwedeza chidebe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: kulowetsa dzanja m'madzi kuti muzule chotsekera kumawononga kudikira konse kwa tsiku lathunthu.

Thirani madzi, vundikirani ndi pulasitiki, muwasiye tsiku lonse ndi usiku womwe. Mawa lake vundukulani modekha, ikani kamtengo ka machesi pamwamba pa kabowo, mutsegule payipi. Osaupuzira mpweya madziwo, ndipo osafulumira kugamula, poti kuzungulira kumaonekera chakumapeto. Chitani kangapo, mukusinthasintha mbali yothirira. Ngati madzi akutsata kathiridwe kanu, ndiye kuti sanadekhe mokwanira. Dziwaninso kuti mphamvuyi imachepa mukamayandikira Equator, choncho amene ali kufupi nako adzavutika kuposa Shapiro, amene anali kutali kumpoto.

Pa Equator penipeni mphamvu ya Coriolis pa madzi otere palibe, ndipo kusuntha mamita ochepa kumpoto kapena kummwera sikusintha kanthu. Komabe m'malo ena okopa alendo ku Kenya, Uganda ndi Ecuador amaonetsa madzi akuzungulira uku mbali ino ya mzere, ndi uko mbali inayo. Mukadzapezeka pa chionetsero chotere, musayang'ane kabowo. Yang'anani mbali imene wothirayo akupendeketsera jagi, ndi kumene akutembenukira atanyamula beseni asanaliike pansi.