Mauthenga amawu aatali akutiphonyetsa ntchito m'makalabu

Masiku ano makalabu ambiri a alimi ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ali ndi magulu a WhatsApp, ndipo alangizi, apampando ndi osunga nkhokwe akupatsirana nkhani za ntchito momwemo. Zimenezi n'zabwino. Koma cholakwika chimodzi chikuoneka paliponse: uthenga wofunika ukutumizidwa m'mawu ojambula a mphindi zinayi kapena zisanu.

Wolankhula amayamba ndi moni, afunse za ana, apepese za maliro a dzulo, tsiku ndi malo n'kudzatchula kumapeto. Ulemu umenewu ndi wa pabwalo la amfumu, anthu atakhala pansi. Pafoni ukutipweteka. Mawu ojambula amafuna kutsitsa kaye, ndipo kumidzi komwe netiweki ya Movitel kapena Vodacom imagwira ukakwera pachulu, kamuvi kamangozungulira osatseguka. Amadya megas. Munthu ali pakati pa mzere ndi khasu sangaime mphindi zisanu foni ili kukhutu. Choipitsitsa, mawu ojambula safufuzika. Mukalemba "yureya" pofufuzira, uthenga wolembedwa umabwera pomwepo, koma wamawu muyenera kumvetsera umodziumodzi pakati pa zithunzi za "mwadzuka bwanji" zodzaza gulu lonse.

Pa ntchemberezandonda kuchedwa kotere kumaluzitsa chimanga. Mazira ake amaswa pa masiku 2 kapena 3 kukatentha. Mbozi zikadali zazing'ono, zikungokanda tsamba, mankhwala amazipha msanga. Zikakula n'kulowa mumtima mwa chimanga, zitadzitsekera ndi ndowe zonga utuchi, mankhwala safika bwino. Chenjezo likamvedwa patatha sabata, mlimi amapopera kawiri, ndalama kawiri.

Bambo wina wa ku Dómue anapalasa njinga m'mamawa kukatenga feteleza wa kalabu, n'kupeza nkhokwe yokhoma. "Alangizi, inetu ndinamva Lachiwiri," anatero akupukuta thukuta. Inde Lachiwiri linatchulidwa, koma pa mphindi yachinayi apampando anakonza kuti ndi Lachinayi. Foni ya bamboyo inazima batire asanafike pamenepo. Tsiku la kupalira linapita pachabe.

Kufupikitsa uthenga si mwano. Twitter itayamba mu 2006 inkalola zilembo 140 zokha, ndipo SMS imodzi imanyamula 160. Nkhani ya ntchito imakwana m'menemo: chiyani, kuti, liti, zingati. Mwachitsanzo: "Yureya wafika. Nkhokwe ya kalabu, Lachinayi, 8 koloko. Thumba limodzi la 50 kg pa membala. Bwerani ndi chiphaso." Aliyense waona zofanana nthawi imodzi, palibenso zoti ndinamva kwa uje.

Tsono chitani izi. Tsegulani gulu lachiwiri la zidziwitso zokha, mulitchere kuti azilemba ndi ma admin okha. Moni ndi macheza zitsale m'gulu lakale. Uthenga umodzi, nkhani imodzi. Wofunika muukhomere pamwamba, WhatsApp imalola maola 24, masiku 7 kapena 30. Tsiku likasintha, fufutani wakalewo, mulembe watsopano. Kwa osatha kuwerenga, tsatizani mawu ojambula osapitirira masekondi 30, kuyambira ndi tsiku. A mafoni a mabatani atumizireni SMS yomweyo.