Musanathene tonde, yambani mwawerenga machende

Ambiri akagwira kamwana ka mbuzi kuti akathene amangothamangira mphira kapena Burdizzo (chopanira chachitsulo chothenera ziweto) osayamba apapasa. Papasani kaye thumba ndi zala, mutsimikize kuti muli awiri. Nthawi zina tchende limodzi limatsalira m'mimba kapena m'mphechepeche, ndipo thumba limaoneka lopendekeka, mbali ina yofwapa. Madokotala a ziweto amati cryptorchidism, oweta akavalo amati rig. Zimachitikanso kwa nkhumba, nkhosa, ng'ombe ndi agalu.

Mukapeza limodzi lokha, musathene. Mukachotsa lowonekeralo, lobisikalo limapitiriza kutulutsa mphamvu yachimuna. Mudzayesa muli ndi mfule, koma idzakwerabe zazikazi, idzamenya zinzake, ndipo ikakhala nkhumba nyama yake ikhoza kununkha. Choipanso, dokotala adzavutika kudziwa mbali yoti afufuze. Lotsalira m'mimbalo silipanga mbewu yabwino chifukwa m'thupi ndi motentha, koma lija linatsika limabereketsa bwinobwino. Apa ndiye pamene anthu amanyengeka: amati poti ikubereketsa, isiyeni. Ayi ndithu, vutoli limayenda m'magazi, ana ake aamuna akhoza kutengera. Yotereyo si ya mbewu.

Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zimabadwa machende atatsika kale, choncho palibe chodikira. Galu mpatseni mpaka miyezi 6. Akapanda kutsika, pitani naye kwa dokotala achotse onse awiri, chifukwa kwa agalu lobisikalo limakonda kuchita chotupa cha khansa.